Wowerenga Mmodzi wa ku Tilibwino

Mu ufumu wa Tilibwino alakatuli anali ambiri kuposa mabedi a m'zipatala. Munthu akakanidwa ndi mkazi kawiri, kapena akalephera mayeso a uphunzitsi, ankagula kope n'kuyamba kudandaulira mwezi. Pofuna kuti anthu oterewa asamangoyendayenda m'misewu akuyankhula okha, Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inawakhazikitsira Bungwe la Alakatuli a Ufumu, n'kuwapatsa nyumba ya zipinda zisanu kuseri kwa nyumba yachifumu, mumzinda waukulu wa Ombanimmanja. Kuyambira pamenepo mlatho sunkatsegulidwa popanda ndakatulo, ngakhale mlatho woti mvula yoyamba idzaukokolola.

Bungweli linali ndi tsamba lake la pa intaneti, ndipo mkonzi wamkulu wa tsambalo anali bambo Gelesomu Kadzakumanja. Anali munthu wamtali, wa dazi, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, yemwe kale ankaphunzitsa ku pulayimale. Pa unyamata wake ankalemba ndakatulo zoti atsikana ankachita kuzikopera m'makope. Koma kwa zaka makumi awiri tsopano cholembera chake chinkadzuka masiku atatu okha pachaka: tsiku lobadwa la Mfumu, tsiku limene Mfumu inalowa ufumu, ndi tsiku lokumbukira kuchira kwa Mfumu ku chimfine chachikulu chija. Mwiniwake ankadziwa kuti luso linamuthawa kalekale. Ankangodzitonthoza kuti bola kuthera pampando wa ndalema kusiyana ndi kuthera pabenchi.

Tsambalo analitsegula ndi mwambo waukulu. Anakulunga riboni pa kompyuta, Mfumu n'kuidula ndi sizasi wagolide, amayi n'kululutira. Kumunsi kwa tsambalo kunali kabokosi kowerenga alendo, ndipo patatha zaka zitatu kabokosiko kanafika pa miliyoni imodzi. Gelesomu ankadziwa kumene miliyoniyo inachokera. M'mawa uliwonse mamembala a komiti, onse makumi anayi, ankatsegula tsambalo kuti aone ngati zithunzi zawo zikadalipo. Akabwera kokamwa tiyi ankaonanso, n'kumangobwereza mpaka kuweruka, poopa kuti mwina mdani wachotsa. Nayenso Gelesomu chake ankachizonda pafupipafupi, chifukwa anajambulitsa atagwira chibwano ngati munthu wa maganizo akuya.

Mavuto anayamba Lolemba lina, pamene wapampando wa bungwe, Dokotala Fulujensi Maliseni, anakapereka lipoti kubwalo la Mfumu. Udokotala wawowo anaulandira pa positi kuchokera ku yunivesite ina ya kunja imene palibe anaionapo. Anagwada, n'kutsokomola, n'kuyamba.

"Ambuye Mfumu, chitsime chosaphwa, denga losadontha, inu amene ngakhale mkonono wanu uli ndi mfundo, tabwera ndi nkhani yabwino. Tsamba lathu latumikira owerenga miliyoni imodzi. Alimi akusiya makasu m'munda kuti awerenge. Amayi akupsereza ndiwo. Dzulo lomweli tamva kuti akuba ena analowa m'nyumba, atapeza foni ili pa tsamba lathu anakhala pansi n'kuwerenga mpaka apolisi anawapeza."

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira, kenako inayamba kuseweretsa ndodo yake.

"Miliyoni," inatero. "Nanga ali kuti? Alakatuli ndimawaona tsiku lililonse, ena ndimachita kuwalumpha pakhonde langa. Koma wowerenga sindinamuonepo. Amaoneka bwanji?"

Dokotala Maliseni anayamba kutembenuza mapepala a lipoti lake. Nduna ya Zaulimi, imene kwa nthawi yaitali inkasirira nyumba ya alakatuli kuti izisungiramo feteleza, inawerama n'kunong'oneza china chake m'khutu la Mfumu. Mfumu inamwetulira.

"Lembani lamulo ili. Lachisanu likudzali mundibweretsere wowerenga mmodzi, ndimuveke mendulo ndi manja anga. Asakhale membala wa bungwe, kapena mkazi wa membala, kapena mlamu wake. Akapanda kupezeka, bungwe lonse lisamukira kudambo, likakhale lopirikitsa mbalame m'minda yanga ya mpunga. Nduna ikuti mawu muli nawo, ndipo mbalame ikamva ndakatulo zanu kamodzi siingabwerenso."

Alakatuli onse anaomba m'manja, pakuti ku Ombanimmanja munthu amayamba waomba, zimene wamvazo n'kumaziganiza pobwerera kunyumba.

Lachiwiri lonse komiti inali pa msonkhano. M'mawa anakangana za tanthauzo la mawu akuti wowerenga, ndipo anakhazikitsa kakomiti kofufuza. Masana wina anapereka nzeru yoti amuveke jekete mlonda wa pageti akanamizire kukhala wowerenga, koma zinadziwika kuti mlondayo nayenso ndi mlakatuli, ali ndi makope atatu pansi pa bedi ndipo anapempha kale umembala. Dzuwa litapendeka, maso onse anatembenukira kwa Gelesomu.

"Tsamba ndi lanu, a Kadzakumanja," anatero Dokotala Maliseni. "Mwini mbuzi ndiye amadziwa kumene zimadya. Pitani mukatitengere mmodzi. Inu ndi ine tili ndi nyamakazi, matope a m'dambo sitingawathe."

Lachitatu m'mawa Gelesomu anavala jekete lake labulawuni n'kutsikira ku msika wa Tangopenya. Panali patapita zaka asanapondeko, popeza zogula zonse ankamugulira mkazi wake. Anayamba ndi wogulitsa nyama amene ankanola mpeni.

"Achimwene, kodi tsamba la alakatuli munalitsegulapo?"

"Tsamba lake liti, bwana? La mpiru lili kumunsi uko. La fodya aletsa."

Telala wina wamkazi, singano ili kukamwa, anamuuza kuti ndakatulo amazimva pa maliro ndi pa ukwati, ndipo ubwino wake kumeneko zikatalika wina amangoyambitsa nyimbo. Wogulitsa makala anamuonetsa kafoni ka mabatani n'kunena kuti kamangodziwa kulira basi, ngati alakatuliwo. Pofika masana Gelesomu anali atafunsa anthu oposa makumi atatu, ndipo awiri mwa iwo anamupempha kuti awathandize kulowa m'bungwe.

Anakakhala pa benchi la bambo wina wokonza mafoni kuti apumitse miyendo. Bamboyo atamva chimene Gelesomu ankafuna anaseka, maso ali pa kafoni kamene ankakamasula.

"Tsamba lanulo ndimalidziwa, limandibweretsera makasitomala. Munthu akalitsegula foni imauma gwa, amathamangira kuno kuti yafa. Ine ndimangoizimitsa n'kuiyatsanso, iye n'kumanditcha katswiri. Ambiri amayesa kamodzi n'kulapa. Koma pitani kwa a Nangondo, ogulitsa mahinjesi kuseri kwa mashedi a matabwa. Amenewo ndiye sanagonje."

A Nangondo anali mayi wa zaka zofanana ndi za Gelesomu, wa thupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Patsogolo pawo anayala maloko, mahinjesi ndi milu ya misomali yowongola. Gelesomu anawapatsa moni, n'kudzitchula dzina ndi udindo wake wonse.

"Ndamva kuti inu mumawerenga tsamba lathu, mayi."

"Kuwerenga ayi," anayankha a Nangondo. "Kudikira."

Anamupatsa kampando. Anamufotokozera kuti amuna awo, a Lameki, anali kalipentala pamsika pomwepo, ndipo anamwalira chaka chatha. Loweruka la sabata lomwelo kunali mwambo wa chiliza kumudzi.

"Panali ndakatulo ina imene anaimva pa wailesi tisanakwatirane, pa pulogalamu ya alakatuli, n'kuiloweza pamtima. Anandinenera pondifunsira. Kenako ankandinenera akalakwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkaimva, moti sindinaganizepo zoilemba. Munthu sulemba chinthu chimene chimagona pambali pako. Pano ndikaifuna ikubwera zidutswazidutswa, pakati ponse pandithawa. Ndimafuna ndiipeze yathunthu, munthu akaiwerenge pamanda. Mwana wanga ndiye anandiuza kuti alakatuli ali ndi tsamba, zonse zili momwemo."

"Zilimodi," anatero Gelesomu.

A Nangondo anatulutsa foni m'kansalu n'kudina. Kagudumu kanazungulira, kanazungulira. Kenako pamwamba panayamba kuoneka nthenga. Gelesomu anazizindikira. Zinali nthenga za chipewa cha Mfumu, pa chithunzi chachikulu chimene iye mwini analamula kuti chizilandira mlendo aliyense. Nthengazo zinatsika pang'onopang'ono ngati dzuwa la m'nyengo yozizira. Panabwera chipewa, kenako chipumi. Chipumi chitafika pakati, foni inalira kuti bandulo yatha.

"Lero tayenda bwino," anatero a Nangondo. "Aka ndi kachisanu ndi chitatu. Kawiri ndinafika pa nsidze. Tsiku lina netiweki inali itadya bwino, ndinaona mphuno."

Gelesomu anatulutsa foni yake kuti awaonetse kuti vuto ndi foni yawoyo. Ali mkati modina anakumbukira kuti pa zaka zitatu zonsezo anali asanatsegulepo tsambalo kunja kwa ofesi, kumene intaneti ankaikoka kuchokera ku nyumba yachifumu. Foni yake inafika pa nthenga yachitatu n'kuuma. Anaibweza m'thumba mwakachetechete.

"Tiyeni ku ofesi, mayi. Kumeneko zimathamanga."

A Nangondo anasiyira katundu mnzawo woyandikana naye n'kunyamuka. Ku ofesi Gelesomu anawakhazika pa mpando wake weniweni. Pa kompyuta Mfumu inatulukira yonse nthawi imodzi, ndipo a Nangondo anaiyang'anitsitsa.

"Kani ali ndi ndevu," anatero.

Kuseri kwa Mfumu kunali uthenga wa Nduna ya Zoyamikira, masamba asanu ndi anayi, ndipo batani lopitira patsogolo linkaoneka pokhapokha munthu akafika kumapeto. Kenako mbiri ya Dokotala Maliseni kuyambira tsiku limene anabadwa kukugwa mvula ya matalala. Kenako zithunzi makumi anayi za komiti. Atafika pa cha Gelesomu, a Nangondo anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ananso mwiniwake.

"Dzino linkakupwetekani?"

"Ndinkaganiza, mayi."

Kenako panabwera fomu ya wowerenga. Inkafuna dzina, mudzi, nambala ya chiphaso, dzina la munthu wodziwika amene angaikire umboni kuti wowerengayo ndi wamakhalidwe abwino, ndi funso lakuti, kodi ndakatulo mukuifuniranji? Funso limeneli analilemba ndi Gelesomu yemwe, ndipo komiti inamuyamikira nalo. Tsopano analidzaza yekha mofulumira, thukuta likutsika m'khosi.

Pomaliza ndakatulo zinaoneka. Sanaziike motsata mitu kapena nkhani zake, koma motsata maudindo a olemba. Zoyamba zinali za wapampando, zana limodzi ndi makumi awiri, kenako za wachiwiri wake, mpaka kumunsi kwa mamembala wamba amene ankaloledwa imodziimodzi.

"Wolemba wake ndani, mayi?"

"Sindikudziwa. A Lameki sankatchula. Koma imanena za chitseko."

Gelesomu analemba mawu akuti chitseko m'kabokosi kofufuzira. Panatuluka zinthu khumi ndi ziwiri. Zonse zinali mfundo za misonkhano ya komiti, zokhudza chitseko cha chimbudzi cha akuluakulu chimene chinathyoka chaka chathachi.

A Nangondo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako, osayang'ana aliyense, anayamba kunena motsitsa mawu:

"Chitseko chathu chimalira ukamalowa.
Anansi akuti ndichithire mafuta,
ine ndakana.
Ndikachithira, ndizimva bwanji
ndili kuseri kwa nyumba
kuti wabwera?"

Gelesomu anamva ngati wina wamuitana ndi dzina lake laubwana pakati pa msonkhano. Ndakatuloyo inali yake. Anailemba ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, m'kanyumba ka aphunzitsi kodontha, ndipo inawerengedwa pa wailesi kamodzi kokha. Pamene ankasonkhanitsa zoika pa tsambalo anaipeza m'kope lakale, n'kuibwezera m'sutikesi. Anaona kuti ndi yachibwana, yosatamanda aliyense, yosayenera mkonzi wamkulu. M'malo mwake anaikapo ija ya chimfine, ya ndime makumi atatu.

Akanatha kuwauza pomwepo. Koma anakumbukira matope a m'dambo, ndipo mwa iye munadzuka munthu wa komiti.

"Ndakatulo imeneyo ndikhoza kukupezerani, mayi, ngakhale ndi ntchito yovuta. Koma nanunso mundithandize. Lachisanu mupite nane kubwalo la Mfumu, mukaonekere ngati wowerenga wathu."

A Nangondo anavala magalasi awo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndipita. Koma ndikanena zimene ndinaona."

Dokotala Maliseni atamva anasangalala, koma mawu omalizawo sanawakonde. Lachinayi analemba zoti mayiyo akanene, masamba anayi, zoyamba ndi mawu akuti, ine wowerenga wosauka amene ndinali mumdima. Gelesomu anapita nazo kumsika. A Nangondo anazilandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Akutembenuka kuti azipita, anawaona akung'amba tsamba loyamba n'kukulungira kasitomala misomali.

Lachisanu bwalo linadzaza. Alakatuli anakhala mbali imodzi, ena atavala kale nsapato zakale poopa kuti mwina achokera pomwepo kupita kudambo. Nduna ya Zaulimi inabwera ndi munthu wonyamula tepi yoyezera zipinda. A Nangondo analowa atavala chitenje chabuluu, anagwada monga mwa mwambo, ndipo Mfumu inawazungulira kamodzi ikuwayang'ana.

"Kani wowerenga ndi munthu ngati ife tomwe," inatero. "Tatiuzani, mayi, tsamba la alakatuli anga limakutumikirani bwanji?"

"Zikomo Ambuye. Ndinalitsegula kasanu ndi katatu pa foni yanga, ndikufuna ndakatulo imodzi yoti ikawerengedwe pa chiliza cha amuna anga. Maulendo onsewo sindinaone ndakatulo ngakhale mzere umodzi. Chimene chimabwera ndi chithunzi chanu, kuyambira ku nthenga kutsika, ndipo bandulo imatha musanafike pakamwa. Nditapita ku ofesi ndinaona nkhope makumi anayi ndi nkhani ya chitseko cha chimbudzi. Ndakatulo yanga mulibe. Ngati tsambalo analikonzera anthu ngati ine, ndiye kuti amene analikonza sanayambe wakhalapo munthu ngati ine."

Gelesomu m'maganizo mwake anali kale m'mpunga, mathalauza atapinda, akukuwira mpheta.

Mfumu inabwerera pampando wake pang'onopang'ono. Itakhala, anthu anaona kuti m'maso mwake muli misozi.

"Mwati kasanu ndi katatu?"

"Inde, Ambuye."

"Ndipo nthawi zonsezo munkayang'ana nkhope yanga mpaka bandulo kutha, n'kukagulanso ina?"

"Mpaka pa mphuno, Ambuye."

"Mwamva, nduna zanga?" Mfumu inapukuta m'maso. "Mayi wamasiye, wogulitsa misomali, kudzimana kuti aone mphuno ya Mfumu yake. Ena a inu mumandiona ulele tsiku lililonse koma simuthokoza. Tsamba ili lachita zimene wailesi yalephera. Lembani lamulo. Choyamba, chithunzicho chikulitsidwe, chifike mpaka ku nsapato, kuti anthu anga akhale ndi choyembekezera pa moyo. Chachiwiri, ndamva dandaulo la mayiwa kuti tsambalo limachedwa. Chikulilemetsa ndi ndakatulo. Zichotsedwe, zitsale zitatu zokha, kuti munthu wosauka azifika msanga pa chibwano. Chachitatu, bungwe likhale pomwe lili. Mbalame zikhale za Nduna ya Zaulimi."

Alakatuli anaimirira. Anaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, ndipo amene anaomba kwambiri ndi aja amene ndakatulo zawo zinali zitangoweruzidwa kuti zichoke. Dokotala Maliseni analira mokweza. Mfumu inawaveka a Nangondo mendulo ya Wowerenga Wamkulu wa Ufumu, kenako inaitana Gelesomu n'kumuveka yakenso.

"Mkonzi, uli ndi mawu?"

Mawu anali nawo. Anali atakhala pakhosi pake chiyambire Lachitatu, ndipo anali osavuta: kuti mayiyu wanena zoona, kuti tsambalo analikonza ngati munthu womanga nyumba yokhala ndi khonde lokhalokha, ndipo kuti wolakwa ndi iye. Anayang'ana a Nangondo, anayang'ana anzake a komiti, anamva kulemera kwa mendulo pachifuwa.

"Ambuye Mfumu," anatero, "nzeru zimenezi ife patokha sitikanazipeza."

Anaombanso m'manja.

Panja pa geti a Nangondo anavula mendulo, anaiyeza kulemera m'dzanja ngati loko wa kaunjika, n'kuiponya m'chikwama.

"Mbali yanga ndachita, bambo. Nanga ndakatulo ija?"

Gelesomu anayang'ana pansi. "Ili kunyumba kwanga, mayi, m'sutikesi. Ndinailemba ndine."

"Inu?" Anamuyang'ana kuyambira pa dazi mpaka ku nsapato. "Lachitatu lija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Basi ya kumsika inadutsa, a Nangondo osaiimitsa.

"A Lameki ankati amene analemba zimenezi ayenera kuti ndi munthu wabwino," anatero pomaliza. "Chabwino kuti sanakuoneni lero. Mawa nthawi ya naini, kumudzi kwa Chapansi. Mudzaiwerenge nokha. Mendulo mudzaisiye kunyumba."

Loweruka m'mawa Gelesomu anakwera minibasi, kope lakale lili m'thumba la jekete. Kumanda kunali anthu osapitirira makumi asanu: ana a malemuwo, alamu, akalipentala anzawo, ndi amayi a mvano. Abusa atapemphera ndipo nsalu itachotsedwa pa chiliza, a Nangondo anangonena kuti pali bambo wina wochokera ku tauni amene awerenge mawu pang'ono. Udindo wake sanautchule.

Gelesomu anali atawerengapo pamaso pa akazembe ndi mafumu a maiko ena, koma apa anayamba ndi mawu otsika. Anawerenga ndime yoyamba. Atafika pa yachiwiri, imene a Nangondo inawathawa, anawaona akutseka maso, milomo ikuyenda naye limodzi:

"Chimadziwa dzanja lako.
Ukakwiya chimakuwa,
ukatopa chimabuula,
ukabwera ndi nkhani yabwino
chimayamba ndicho kuseka."

Mtima unabwerera m'malo. Anakweza mawu, anatambasula dzanja, n'kulowa m'ndime yomaliza, imene kuyambira pa unyamata wake ankainyadira kuposa zonse:

"Iwe chikondi, nyenyezi ya m'bandakucha,
mkokomo wa mathithi a muyaya,
chiphaliwali cha mumtima wa mlakatuli."

Anatseka kope n'kudikira. Palibe anagwedezeka. Ana a malemuwo anayang'anana, ndipo kalipentala wina wachikulire anakanda m'mutu. Kenako a Nangondo anasendera pafupi ndi chiliza, n'kuyankhula ndi mawu awo a tsiku ndi tsiku, omwe aja otchulira mtengo wa mahinjesi:

"Ndikadzachoka usadzachithire mafuta.
Chizidzakulonjera m'malo mwanga."

Pamenepo ndi pamene mwana wawo wamkulu anayamba kulira, ndipo amayi a mvano anayambitsa nyimbo. Gelesomu anaima pambali kope lili m'manja. Anafufuza m'mutu mwake mwa zonse zimene analemba pa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo sanapeze mizere iwiri yoti n'kuima pafupi ndi imeneyo.

Anthu akubwerera kumudzi, Gelesomu anawapeza a Nangondo m'njira.

"Mayi, mizere yomaliza ija si yanga."

"Ndikudziwa. Ndi ya a Lameki. Nditamva za nyenyezi zija ndiye ndakumbukira. Ankati wolembayo anayamba bwino, koma chakumapeto anasiya chitseko n'kuyamba kudziyang'ana pagalasi. Ndiye anachita ngati mmene ankachitira ndi thabwa, anadula pofumbwapo n'kulumikiza china."

Gelesomu zinamuwawa, koma anadabwa kuona kuti akumwetulira.

"Ndikupempha chinthu chimodzi. Mundilole ndikaiike pa tsamba lathu mmene ankainenera iwowo, ndi dzina lawo pambali pa langa. Mfumu yatisiyira malo a ndakatulo zitatu zokha, ndipo wapampando watenga kale awiri. Otsalawo ndi anga. Ya chimfine ija ichoke."

A Nangondo anaima n'kukonza mpango wawo. Anayang'ana kumanda kumene anachokera, kenako anayang'ana Gelesomu, ndipo kwa nthawi yoyamba chikumaniraneni nkhope yawo inafewa.

"Kaikeni, bambo," anatero. "A Lameki anali munthu wosakonda phokoso. Kumeneko palibe amene akawasokoneze."